Chidutswa cha Mzinga pa Sikelo

Madzi ataphwa, chaka chija Ruo anakokolola njanji,
khasu langa linalira m'dimba la mbatata
kulira kosakhala kwa mwala.
Ndinafukula ndi manja:
chitsulo chopindika ngati nthiti ya mvuu,
mkati mwake muli mizere yopota.

Lero wogula zitsulo pa Bangula wachikoleka pa sikelo.
Akuti makilo khumi ndi anayi.
Dikirani, achimwene, simunawerenge zonse.

Onjezanipo Zuze Alufandika, womasulira,
wa malilime anayi m'kamwa limodzi.
Onjezanipo Nsingano, kamnyamata konyamula wonga,
kamene kanalembedwa ntchito ndi mkono umodzi wa nsalu.
Onjezanipo mzungu wa ndevu zofiira
amene dzina lake linatikanika pakamwa,
wagona patsinde pa mgwalangwa, chiswe chinadya mtanda.
Ndi Nyasemba, amene sanakwere n'komwe sitimayo.
Anali pagombe, akutsuka nyika mu lichero.

Opalasa mabwato pa Chiromo amawatchulabe mayinawa
pokoka nkhafi, osadziwa kuti akuitana maliro.

Sitimayo inachokera kunyanja ya mchere,
gudumu kumbuyo, ikudya nkhuni ngati ng'anjo,
mzinga utakhala pamphumi pake.
Mwezi unali wa dzuwa losweka mtengo,
loti dzira likhoza kupsa pamchenga.
Mkulu wa sitima anafuna tione.
Kuwomba koyamba, akakowa anayeretsa thambo.
Kachiwiri, ng'ona zinatsetserekera m'madzi,
anthu anagwira makutu, ena akuseka.
Wina pagulupo anakuwa kuti, bwerezani!
Ndikadamudziwa. Mwina ndi magazi anga.

Kachitatu mzinga unasanza chammbuyo.

Zuze anali ataima pafupi, chifukwa womasulira
saima patali ndi pakamwa pa bwana.
Dzulo lake madzulo anali atanyamula mawu
kuchoka pamkeka kupita pampando, kuchoka pampando kubwera pamkeka:
madimba a kutsidya akhalabe athu,
manda a kutsidya tizikasesabe,
woloka mtsinje asafunsidwe kanthu.
Palibe anali atalemba.
Pepala lake linali mutu wa Zuze,
ndipo mutuwo anautola m'bango.

Anati tinathira mchenga m'mzinga.
Ife, amene timaopa ngakhale mthunzi wake!
Nkhokwe za mapira zinayaka masiku awiri.
Theka la mudzi linawoloka usiku, mbuzi zitamangidwa pakamwa.
Sabata yotsatira pangano linamasuliridwa ndi wophika,
munthu wabwino, wodziwa mawu a mchere ndi madzi otentha,
pena paliponse ankangoti inde.
Zala zinadindidwa.
Mzere unagwa pakati pa mtsinje
ngati mpeni pa mlamba,
kenaka kunabwera msonkho wa nyumba,
kenaka thonje.

Ndiye chifukwa chake msuweni wanga Fulukiya
amawerenga ndalama m'Chipwitikizi,
ndipo pamaliro a bambo ake
msilikali anandifunsa chiphaso ndili ndi ufa pamutu.
Ruo yekha ndiye sanadinde chala.
Dzinja lililonse amanyamula malirewo,
kukawatula pamene wafuna.

Nthawi zina ndimaganiza za amene anaumba chitsulochi,
kutali, kudziko lozizira.
Kathovu kamodzi ka mpweya kanatsalira mkati poumba,
kakang'ono ngati njere ya mchewere,
iye n'kuweruka, kukadya, kugona bwino.
Kathovuko kanakwera nyanja miyezi itatu
kudzagawa mudzi wa Nyathando pakati.

Mwati zingati pa kilo?
Sizikwana ndi ya kabaza yobwerera.

Chitsitseni.
Pali msangu pachitunda, pafupi ndi mjigo,
ndikachipachika pamenepo ndi waya.
Madzi akamadza usiku, mmene amadzeramu,
mwana aliyense wofikira adzachimenya ndi mpini.
Chinalira katatu anthu ali maso.
Kachinayi chidzalire tili m'tulo,
achimve ndi a kutsidya.